Chipwitikizi cha Bambo Anga

Bambo anabwera kudzakhala nafe ku Alexandria, pafupi ndi Washington, chaka chimene mayi anamwalira. Ine ndi amuna anga tinkaganiza kuti akachoka pa Lizulu kwa miyezi ingapo mtima ukhala pansi. Sunakhale pansi. Kunja kunkazizira koti ngakhale munthu wa ku Ntcheu sakanalimba, choncho ankangozungulira m'nyumba: pabalaza, kukhitchini, pawindo, n'kuyambiranso. Adzukulu awo akawayankha m'Chingerezi ankangogwedeza mutu.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinalowa mu holo kukamwa tiyi. Pafupi nafe panaima mkulu wina wamtali akulankhula pafoni chinenero chimene sindinkachimva. Atadula foni, bambo anaika kapu pansi n'kumulankhula m'chinenero chomwecho. Mkuluyo anatembenuka, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Anacheza mpaka anthu anayamba kupinda mipando.

"Chipwitikizi chimenechi munachitenga kuti?" ndinawafunsa m'galimoto.

"Kusukulu. Waiwala kuti ndinabadwira tsidya lija?"

Sindinaiwale, koma sindinkaziganizira. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, uku Malawi, uko Mozambique. Bambo anabadwira ku Angonia, ndipo anawoloka ndi mayi awo pothawa nkhondo ya Apwitikizi. Kunyumba sanatulutsepo liwu limodzi la chinenerocho.

Mkulu uja anali wa ku Maputo, ankagwira ntchito kubanki ina mu Washington. Kuyambira tsiku limenelo bambo anasiya kumvera wailesi ya kumudzi. Ndikangolowa kuchokera kuntchito, nsapato zili kuphazi, ankandipatsa foni.

"Tandionetsa Maputo."

Ndinkawaonetsa misewu ikuluikulu, nyumba zazitali, mlatho wautali wodutsa pamwamba pa madzi. Tikafika padoko ankati ndiime. Ankakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka kusaonekanso kanthu.

Tsiku lina ndikutsuka mbale anandiuza chifukwa chake. Achimwene awo aakulu anapita kukagwira ntchito padoko limenelo mzindawo ukadatchedwa Lourenço Marques. Anatumiza uthenga kamodzi kudzera mwa munthu, basi. Kenako nkhondo inabalalitsa banja.

"Undiperekeze," anatero. "Tidzere komweko popita kumudzi."

"Bambo, Maputo si Lizulu. Tikafunsa ndani? Komanso kuntchito sangandilole panopa."

"Iwe m'mawa uliwonse ukwera sitima, ukudziwa kumene ukupita. Ine ndizingoyang'ana pawindo?"

Ndinaitana mkulu wa ku Maputo uja kunyumba, ndikuyembekeza kuti awaletsa. Anayesa ndithu. Anawauza kuti kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo n'kutali kwambiri, ndiponso kuti anthu amene ankagwira ntchito padoko masiku amenewo ambiri kulibe. Bambo anamvetsera mwaulemu, kenako anamufunsa ngati ali ndi abale kumeneko. Mkuluyo anandiyang'ana kaye, n'kuyankha kuti ali ndi achemwali ake amene angawalandire.

Kusakhazikika kuja kunandilowa ine. M'sitima ndinkayang'ana pafoni ndege zopita ku Maputo, n'kutseka, n'kutsegulanso, mpaka tsiku lina ndinapitirira siteshoni yanga. Mchimwene wanga wa ku Lilongwe ankaimba pafupipafupi. "Musawalole," ankatero, "akakadwala kumeneko ndani akawatenge?" Amuna anga ankati ndipemphe tchuthi basi. Ndinapempha, kuntchito anandiuza kuti ndidikire chilimwe.

Bambo sanadikire. Anapempha kuti tisinthe tikiti yawo, ndipo anabwerera ku Malawi mwezi wathunthu nthawi yawo isanakwane. Pabwalo la ndege sanatchule Maputo. Ndinaganiza kuti nkhaniyo yatha.

Patapita miyezi iwiri mchimwene wanga anaimba ndili mumsonkhano. "Bambo apita. Akwera basi ya ku Tete ndi asuweni athu aja ogulitsa mbatatesi."

Masiku otsatira foni zawo sizinkapezeka. Ndinkatumiza uthenga, osafika. Ndinaimbira mkulu wa ku Maputo mpaka ndinachita manyazi, iye akungoti misewu yake ndi yotero, ndidekhe.

Anaimba Loweruka ndili m'sitolo. Pafoni panaoneka chipumi chawo chokha ndi mitambo, mphepo ikuwomba.

"Ndili padoko," anakuwa. "Salola kulowa, koma ndaima pageti."

"Mwawapeza?"

"Ayi. Tafunsa kutchalitchi, tafunsa nkhalamba zina kumsika. Wina akuti ankadziwa anthu a ku Angonia, koma dzinalo sakulikumbukira." Anatembenuza foni kundionetsa doko. "Koma kuno n'kwakukulu, mwana wanga. Munthu akhoza kungokhala, osafunanso kubwerera. Mwina anangokhala."

Ndinaima pakati pa mashelefu, anthu akundilambalala ndi matilole awo. Ndinawafunsa kuti abwerera liti. Anati achemwali a mkulu uja amva za dera lina kunja kwa mzinda kumene kumakhala anthu ochokera kumpoto, ndiye Lolemba apita kumeneko.

Kumenekonso sanapeze aliyense. Anakhala milungu iwiri, nabwerera ku Lizulu miyendo itatupa. Mchimwene wanga mpaka lero amati ndine ndinayambitsa powaonetsa zithunzi. Bambo akaimba satchula za achimwene awo. Amangofunsa ngati tchuthi changa chavomerezedwa, chifukwa ku Matola, tauni yoyandikana ndi Maputo, sanafikeko kukafunsa.