Kope la Atate la Sukulu ya Madzulo

Mwaswela bwanji nonse.

Lelo tinali ku Kabwata kulongedza katundu wa malemu Atate. Pansi pa sutikesi ndapeza kope lawo la sukulu ya madzulo, la nthawi ija dziko litangolandila ufulu, iwo ali mesenjala wofuna ukalaliki.

Tsamba lathunthu ndi mawu awili a Chingelezi, "advice" ndi "advise". M'mbali analemba kuti: "Loyamba ndi dzina, uphungu weniweniwo. Lachiwili ndi kuchita, kupeleka uphungu." Ankalemba ndi pensulo, kufufuta, n'kulembanso pomwepo kuti asagule kope lina. Pepalalo linapelepeseka mpaka kubooka pawili.

Mukukumbukila mmene ankatiimika pakhonde ndi mawu omwewa tisanapite kosewela? Ankati iwo mayeso anakhoza ulendo woyamba.

Amai aliyang'ana kopelo, n'kuseka. "Anakunamizani atate anu. Analephela katatu. Kachinayi ndinawapelekeza ndine mpaka pakhomo, chifukwa ankafuna kubwelela panjila."

Pa mwambo wa chiliza mwezi wamawa, wowelenga mbili yawo ndine. Ndinene zimene ankatiuza, kapena za Amai? Ine mtima uli pa za Amai, koma anali Atate a tonsefe.