Ndinafufuta mawu a achemwali anga

Inu owerenga, ine ndinafufuta mawu a achemwali anga ndi dzanja langali, ndipo ndikakumbukira mtima umawira mpaka lero. Sindikufuna kuti mundimvere chisoni ayi. Ndikulemba chifukwa opusa ngati ine tachuluka m'masitudiyomu.

Ndimajambula nyimbo ku Bangwe, m'kachipinda kamene ndinamata matileyi a mazira kukhoma. Pulogalamu ya pakompyuta imene ndinayamba nayo inali yachikale, koma ndinkaidziwa ngati njira ya kumsika. Makwaya ankabwera, n'kuimba, n'kupita akusangalala. Zinasokonekera nditalowa m'gulu la pafoni la opanga nyimbo. Anyamata a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa atamva pulogalamu yanga anandiseka koopsa. Wina mpaka anati, "Akulu, mukadali kumudzi eti? Imeneyo ndi ya madala." Zinandiwawa, ndipo m'malo mowasiya ndi pakamwa pawopo, ndinayamba kuthamangitsa mapulogalamu.

Ina inali yabwino pa ng'oma koma pojambula mawu inkandizunguza mutu. Ina inali yolemera moti laputopu inkatentha ngati mbaula kenaka n'kuzima. Ina ndinaitenga pafulashi kwa mnzanga, ndipo mabatani ake sindinawamvetse mpaka ndinaichotsa. Iliyonse ndinkati iyi ndiye yanga, koma posakhalitsa ndayamba kale kusirira ina.

M'kati mwa misala imeneyi, achemwali anga, amene anandilera mayi atamwalira, anabwera kudzajambula nyimbo imodzi. Ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo ku Chilomoni, ndipo anali atayamba kudwaladwala. Mawu awo anali aakulu, osasa pang'ono. Akamakweza ankanjenjemera kumapeto, ndipo ankakoka mpweya mwamphamvu asanayambe mzere. Anaimba kamodzi kokha, n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu. Anati, "Achimwene, mphamvu zathera pomwepo. Muisamale imeneyo."

Pulogalamu imene ndinali nayo nthawiyo inali ndi chida chowongolera mawu chimene anyamata aja ankachitama kwambiri. Ndinafuna kuwaonetsa kuti nanenso ndafika. Ndinawongola mawu a achemwali mpaka kunjenjemera konse kunatha, mpweya uja ndinadula, chilichonse ndinasalaza. Nditatumiza nyimboyo pagulu, anandiombera m'manja. Achemwali eni ake akafunsa ndinkangoti ndikumalizitsa, chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sakaikonda.

Kenaka kunamveka pulogalamu ina yatsopano, koma malo palaputopu anali atatha. Ndinayang'ana foda ya mawu oyambirira aja, osakhudzidwa, n'kunena kuti nyimbo ndatulutsa kale, izi zikungodya malo. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza kufufuta. Inandifunsa, inu owerenga! Chitsulo chinali ndi nzeru kuposa ine munthu. Ndinavomera.

Achemwali anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro, amuna awo anandipempha kuti thupi lisananyamuke anthu amve nyimbo ija. Ndinalumikiza laputopu ku sipika. Amayi a kwaya anali atakhala pamphasa mozungulira bokosi, ndipo nyimbo itayamba anangoyang'anana. Amene ankaimba anali mtsikana wa mawu osalala, wosapuma n'komwe, ngati otsatsa malonda a pawailesi. Mwana wamkazi wa malemuwo anafunsa mokweza kuti akuimbayo ndani. Alamu anabwera pamene ndinaima. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, zimitsani imeneyo. Ikani ya mayi a ana anga." Ndinalibe choika.

Maliro atatha ndinazungulira kwa okonza makompyuta ku Limbe konse. Onse yankho linali limodzi, kuti pulogalamu yatsopano ija inakhala pamalo pomwe panali mawuwo, ndipo palibe chobweza. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti pulogalamu imeneyonso sinandiyanje, ndinaichotsa mwezi usanathe. Anyamata a pagulu aja mpaka pano akukanganabe kuti yabwino ndi iti. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzakhuza maliro, ndipo ine ndinawononga mawu a mlongo wanga pofuna kusangalatsa anthu amenewo.

Anzanga opanga nyimbo, sindikukuletsani kuyesa mapulogalamu. Yesani, mupeze imene ikukuyanjani, koma muziyesera pa ng'oma zanu, osati pa mawu a anthu. Munthu akaimba, sungani mawu akewo mmene atulukira m'kamwa, pafulashi yapadera, musanakhudze batani lililonse. Akamakusekani kuti pulogalamu yanu ndi yachikale, asiyeni aseke, mano ndi awo. Ndipo musamanyoze kunjenjemera kwa mawu kapena mpweya wa woimba ngati zinyalala, chifukwa abale ake amamudziwira pomwepo. Musadzinamize kuti mudzamuitana adzabwereze. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi a kwaya ija, kufunsa ngati pali amene anajambulapo achemwali pafoni akuimba. Palibe.