Ndolo za M'thumba la Mpunga

Dzulo ndinanamiza dokotala wachizungu, m'Chingerezi cha Folomu 3 chomwe ndimanyadira chija.

Achemwali anga akupita ku Joni kuti akawaike valavu yachitsulo mumtima, ndipo womasulira ndinali ine. Dokotala anafunsa ngati chitsulo chinawatulutsapo zidzolo, poti zoterozo mumtima n'zoopsa. Ndinkadziwa kuti ndolo zomwe tinagula mobisa ku Zomba zinawatupitsa makutu mpaka mafinya. Koma bambo, mkulu wampingo wodana ndi ndolo, anali pomwepo. Ndinayankha ndekha kuti ayi.

Ine namwino wamawa ameneyo, woopa kukalipiridwa kuposa maliro a mbale wake.

Tikunyamuka, bambo anati, "Iwe, uwauzenso za ndolo mumabisa m'thumba la mpunga zija. Makutu a mkulu wakoyu ananunkha nyumba yonse."

Ndinamasulira nditazolika, Chingerezi chikuthawa.