Chakufwa Wam'ndege

Ku Wovwe ukafunsa za Chakufwa Mhango, ankakuyankha kuti, "Uja wam'ndege?" Dzinali linabwera ndi mayi ake, a Nyagondwe. Mnyamatayo atafika ku Joni anawauza pafoni kuti wapeza ntchito m'ndege, ndipo iwo sanafunse kuti ntchito yanji. Anangonyamula mawuwo n'kuyenda nawo m'minda yonse ya mpunga, kutchalitchi, mpaka kwa ogulitsa usipa ku Ngara. Pofika Khirisimasi, Chakufwa anali atasanduka woyendetsa ndege, mwiniwake osadziwa. Atadziwa anangoti duu. Ulemu umakoma, abale.

Kunena zoona sananame. Zimphona za ndege zosanja kawiri zikatera, anthu n'kutsika, iye ndi anzake ankalowa ndi makina opopa fumbi. Ankatola nyenyeswa, kupinda mabulangete, kutsuka zimbudzi. Ndege ikamanyamuka iye ali pansi, thumba la zinyalala lili kumanja. Ku Joniko anapita pa basi, ndipo sanaulukepo ngakhale kamodzi.

Kenako kunagwa mliri wa korona. Ndege zinaima mondandalika ngati ng'ombe pa dibi, injini zitakulungidwa kuti mbalame zisamangemo zisa. Zikuluzikuluzo ndiye zinayamba kuiwalika, poti mipando yonse ija akanaidzaza ndani? Ntchito inatha. Chakufwa anabwerera pa basi, ndipo mayi ake anauza mudzi kuti vuto ndi kuletsedwa kwa ndege basi.

Manyazi anamugwira ngati malungo. Ankalawirira kumunda kukapirikitsa mbalame, kuthawa mafunso. Ankaopa chinthu chimodzi: kuti mayi ake adzasekedwa ndi anthu omwe anawadyetsa nkhaniyo.

Tsiku lina masana kunabwera amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, kudzamuona. Anakhala patalipatali pansi pa mtengo wa mango, a Nyagondwe ali pakati, nkhope ili ngwee. Pagulupo panali a Towera, amene amuna awo anali atangotengedwa ndi mliriwo, n'kuikidwa mothamanga popanda kuona nkhope.

"Dada," anatero a Towera motsitsa, "inu mwafikako kumwambako. Mukadutsa mitambo, kumakhala kowala?"

Bodza linali pamlomo, lokonzeka kale. Akanangoti inde. Koma maso a mayiwo ankafunsa zenizeni, ndipo kunamiza wamasiye kunamukanika.

"Amama, sindikudziwa," anatero akuyang'ana zala zakumapazi. "Ine ndinkasesa. Ndege ndinkalowamo itaima."

Wina anakonza chitenje chake, wina anatsokomola. A Nyagondwe anamuyang'ana mwana wawo, ndipo atayankhula sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero, "ndinkasala kudya Lachisanu lililonse, kupempha Mulungu kuti usagwe, iwe uli pansi?"