Ligi ya Odikira Kuitanidwa

Chaka changa chachisanu ku Doha ndinkagona chipinda chimodzi ndi bambo wina wa ku Chipata, ku Rawdat Al Khail. Iwo anali dalaivala wa mzungu wa ku America, ine mlonda pakhomo la maofesi ku Msheireb. Mzunguyo ndi amene anawapatsira matenda a mpira wakwawo, uja wooneka ngati papaya.

Lachisanu lina masana anandiitana kuti tionere pafoni masewero ojambulidwa kale. M'thumba mwanga munali fomu yowonjezera kontrakiti ndi zaka zina ziwiri, yofunika kubweza Lamulungu. Ndinabwera kuno ndikuti ndilonda pang'ono, a hotela andiona, anditenga kukagwira ntchito kwawo. Kumudzi mwana wanga anali atayamba kunditcha amalume a pafoni, ndipo mayi ake anali atatopa kumukonza.

Mpirawo sindinauone mutu wake. Anthu athamanga pang'ono, agwetsana, aima, akambirana ngati pali maliro. Mipando yambiri inali yopanda anthu. Bambowo anandilozera woponya mpira, nati timu yonse imayendera dzanja lake.

"Iyi si ligi yaikulu," anatero. "Ni ya amene anawasiya. Ku ligi yaikulu woponya amasewera mmodzi, enawo pa bench. Ndiye amabwera kuno kuti aoneke."

Apo ndinati ndamva. Ndinachemerera mpaka mawu kusasa, ndipo timu ya woponyayo itapambana ndinalumpha n'kugunda mutu kubedi lapamwamba.

"Basi achikulire, timuyi ikapitiriza chonchi chaka chamawa ilowa ligi yaikulu!"

Anandiseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, kulibe promotion uku. Timu ikhala pamene ili. A ligi yaikulu akafuna amatenga munthu mmodzi, khalas, nkhani yatha."

Zinandisokoneza, ndipo zinandikwiyitsa. Kwathu timu ya kumaboma ikamenya anzake onse imakwera yonse, ndi wonyamula madzi yemwe. Nanga apa munthu akupambanira chiyani? Ndinafunsa ngati woponyayo anaitanidwapo.

"Kawiri. Anapita kuma-trial, anamubweza. Ine namuonera zaka zinayi."

"Nanga bwanji osangosiya?"

"Akasiya, amuona ndani?"

Pafoni woponyayo anavula chipewa chake chachitsulo. Anali ndi dazi, nkhope ya munthu wa ana. Ankamwetulira n'kumayang'ana m'mipando, sindikudziwa ankafunamo ndani. Ndinamumvera chisoni, kenaka ndinachita mantha, chifukwa kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Ndi kumene ndimapereka pakhomo akamadutsa mabwana ovala masuti.

Ndinawafunsa bambowo kuti iwo anabwera ndi kontrakiti ya zaka zingati.

"Ziwiri," anatero, maso ali pafoni. Apo n'kuti atakhala zaka khumi ndi chimodzi.

Lamulungu m'mawa, mu sitima yopita ku Msheireb, ndinatsamiritsa fomu ija pabondo n'kusaina. Siginecha inatuluka yokhotakhota. Nditaimba kumudzi mkazi wanga anafunsa kuti tsopano a hotela akuti anditenga liti, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a eni: "Ndikasiya, andiona ndani?" Iye anangoitana mwana kuti adzapereke moni kwa amalume.