Chigubu chimene ndinapatsa apongozi

Abale anga, iyi si nkhani yochita kumva kwa anthu ayi, inandigwera ineyo, ndipo kwathu ku Mphuka oikira umboni alipo ambiri.

Nthawi imeneyo ndinkapopera mankhwala pa esiteti ina ya tiyi. Tsiku loyamba lenileni akapitawo anatikhazika pansi n'kutiuza zimene boma limafuna pa zigubu zotha mankhwala: kutsuka katatu, madziwo kuthira m'chopoperamo, kenako kuboola chigubucho n'kuchibweza ku sitolo kuti odziwa ntchito yake akachitaye. Osawotcha, osakwirira, osapita nacho kunyumba. Ndiye musati ndinali mbuli, zonsezi ndinkazidziwa.

Koma ine ndine mkamwini, ndipo amene munakhalapo pachikamwini mukundimvetsa. Apongozi anga aakazi sankandiuza pamaso, uthenga unkadzera mwa mayi a kunyumba. Ati bambo amenewa ali ndi mtima wotani, kumaboola zigubu zabwinobwino ife tikutungira ndowa yodontha? Ndinafotokoza mpaka kukamwa kuuma, koma yankho linali lakuti mkamwini mnzanga anawagulira malata, ine ndikuwakaniza chinthu chokataya. Munthu umatopa. Tsiku lina poweruka ndinazembetsa chigubu chimodzi chachikulu, chosatsuka n'komwe chifukwa cha mantha, ndipo popereka ndinanenetsa kuti musalowe madzi akumwa kapena chakudya chilichonse.

Loweruka lotsatira apongozi anaitana anthu odzawaumbira njerwa. Ine ndinali nditapita kumsika ku Khonjeni, ndipo pobwera masana ndinamva kulira ndisanafike n'komwe pakhomo. Zimene ndinapeza! Azibambo anayi ali gonegone pafupi ndi nkhuti, akusanza, thukuta lili kamukamu, dovu likutuluka. Pakhonde mayi a kunyumba atanyamula mwana wathu wamkazi wazaka zisanu, khosi lili lende, timaso titachepa ngati mapira. Azibambowo ndi mwanayo anali atamwa thobwa limene apongozi anakonzera oumba njerwawo.

Anthu anali atapeza kale wolakwa. Mayi wina wamasiye woyandikana nafe, amene anathandiza kuphika thobwalo, anali atamuzungulira, ati wathiramo tameki chifukwa cha mkangano wakale wa malire. Ena anali atatola kale zidutswa za njerwa. Ine ndinathamangira kukhitchini, ndipo pakona panali chigubu changa chija, pepala lake atalipala, thobwa lili theka. Fungo lake ndinalidziwa pompo, si ndinkakhala nalo tsiku lonse kuntchito? Apongozi, osaonetsa n'kudandaula komwe, anauza mwana wawo kuti chigubu chisanamiziridwe, anachitsuka ndi phulusa, mchenga ndi madzi otentha. Phulusa, anthuni!

Kunena zoona ndinayamba ndakhala chete, chifukwa kuulula kunali kudzichotsa ntchito ndekha. Koma nditaona mayi uja atagwada, mpango utagwa, akulumbira potchula ana ake, ndinatuluka ndi chigubucho m'manja n'kukuwa kuti amusiye, poizoni ndabwera naye ndine.

Bambo wina wachisilamu wogula nthochi anatsitsa katundu wake pamsewu n'kutinyamula pa galimoto yake. Kuchipatala adokotala anafunsa dzina la mankhwalawo, ndipo poti pepala linali litapalidwa, chinatipulumutsa n'chakuti ndinkalidziwa pamtima. Anandikalipira pamaso pa anthu, ine mutu uli pansi. Azibambo aja anatuluka patapita masiku awiri, mwana wanga anagona sabata yathunthu. Azaumoyo anatenga chigubucho, anabweranso kumudzi kudzachititsa msonkhano, ndipo ntchito inandithera pomwepo.

Koma mukudziwa chimene chimandiwawa kwambiri? Mpaka lero apongozi amati mayi wamasiye uja ndi mfiti basi, chifukwa iwo chigubu anachitsuka bwinobwino. Ndipo pamsika ndimaonabe anthu akusankha zigubu zoterezi, kuzinunkhiza, n'kumati izi n'zolimba. Ukawauza amakuyankha kuti akhala akumwera zaka zambiri osafa.

Ine ndimakhulupirira kuti amene analamula zoboola zigubu amatidziwa bwino anthufe, kuti chigubu chosaboola chidzafika kukhitchini zivute zitani. Mankhwala amalowerera m'pulasitiki, sopo kapena phulusa sizichotsa. Ndiye inu opopera, kaya wapempha ndi mayi anu okuberekani, kaya apongozi, boolani iwo akuona. Akutcheni mkamwini woumira, mawu amenewo sagoneka mwana m'chipatala.