Anawayeza ndi Ndodo Ali Moyo

Amuna anga anabwera kwathu ku Vubwi kudzakhala chikamwini kuchokera kuminda ya tiyi ku Malawi. Chuma chawo chinali khasu, wailesi ndi nthenda yoyabwa. Ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi, ndipo m'chiuno munali timibulu tolimba ngati mtedza. Maso atayamba kuchita nkhungu, ndinawatengera kuchipatala ku Katete. Atsibweni anga anatiperekeza, poti iwo nkhani siiwapitirira.

Adokotala anati ndi nyongolotsi zobwera ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga. Zazikulu zimakhala m'timibulumo n'kumaswa, tiana take n'kumayenda m'khungu mpaka m'maso. Mankhwala amapha tianato, koma amayi ake amangoleka kuswa kwa miyezi, ndiye kumwa kwake n'kwa chaka ndi chaka.

Kenaka namwino anawaimika amuna anga pa ndodo yolembalemba kuti adziwe mapilitsi angati. Atsibweni nkhope inagwa. Kwathu woyezedwa ndi bango ndi maliro, kuti okumba manda adziwe kutalika.

Atamwa mapilitsiwo, tsiku lotsatira amuna anga anatupa nkhope, thupi likutentha, kuyabwa kutawirikiza. Atsibweni anabwera atatenga bango lodula kale pa msinkhu wa amuna anga.

"Mwaona? Amuyeza ali moyo," anatero. "Mkamwini asafere kuno. Apite kwawo, ndipo mapilitsiwo asadzamwenso."

"Atsibweni, zikufa ndi nyongolotsi, osati munthu," ndinayankha. "Adokotala ananena inu muli pomwepo. Amuna anga akachoka, ine ndi ana tipita nawo, munda wanu wa thonje mulime nokha."

Ndinali ndi mantha, sindikana, koma mkwiyo unaposa. Ndinawalanda bangolo n'kulisomeka kudenga. Patatha masiku ochepa kutupa kunaphwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona manja a amuna anga atangokhala chete pamaondo.

Chaka chilichonse tinkabwerera ku Katete, anthu akunong'ona kuti mkazi wouma mutu uja watenganso mtembo wake. Diso lamanzere la amuna anga linapita, tinachedwa nalo. Lamanja nyongolotsi sizinalipeze.

Atsibweni anamwalira dzinja lathali. Okumba manda atafuna muyeso, amuna anga anasolola bango lija kudenga, n'kukawayeza okha mwaulemu, atagwada. Linatalika pang'ono. Analidula ndi mpeni pamalo pake penipeni, popanda wowagwira dzanja.